Mmene mungasonkhanitsire nyuzipepala zakale za ku Tete chiswe chisanazimalize

Aliyense amene anayesapo kulemba mbiri ya mzinda wa Tete, ya Moatize kapena ya Ulónguè amakakamira pamalo amodzimodzi. Agogo nkhani amaikumbukira bwino koma chaka chinawathawa. Ku ofesi amakuuzani kuti mapepala akale anatha kalekale. Ndipo mukachita mwayi n'kupeza nyuzipepala m'sutikesi ya munthu, mumaiwononga nokha chifukwa cha chikondi: kuidula, kuimata ndi selotepi, kuijambula mwachangu n'kuiponya pa WhatsApp. Malangizo awa ndi a anthu awiri kapena atatu amene ali ndi foni, kope ndi mtima wodekha. Chachikulu choti mugwire ndi ichi: tsamba lopanda dzina la nyuzipepala ndi deti lake lili ngati mboni yokana kutchula dzina pabwalo la milandu. Ntchito yonse ndi yoteteza zinthu ziwirizo.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni ya kamera yabwino, ndi memori khadi ya 32 GB kapena kuposa
- Kope lachikuto cholimba ndi mapensulo (bolopeni ayi, inki imadontha)
- Burashi yofewa yatsopano, yonga yopakira penti koma yaing'ono
- Chotchinga pakamwa ndi pamphuno
- Makatoni oyera ouma, otambalala kuposa tsamba la nyuzipepala
- Mapepala oyera a A3 oyala pakati pa masamba
- Nsalu yakuda kapena yotuwa yoyala patebulo
- Rula ya masentimita 30
- Sopo ndi kansalu kopukutira m'manja
- Mafulashi awiri osungiramo zithunzi (USB), kapena fulashi imodzi ndi kompyuta

Sizasi, guluu, selotepi ndi malabala omangira zisiyeni kunyumba. Musazitenge n'komwe.

## Musanatuluke pakhomo

1. Sankhani funso limodzi. "Mbiri ya Tete" ndi nyanja, mumira. Sankhani chinthu chokhala ndi malire: tsiku limene Tete anakwezedwa kukhala mzinda, pa 21 March 1959, kumangidwa kwa damu la Cahora Bassa kuyambira 1969 mpaka 1974 ndi midzi imene inasamutsidwa, kubwerera kwa anthu kuchokera ku Malawi pangano la mtendere la ku Roma litasainidwa pa 4 October 1992, kapena za posachedwa, monga anthu a ku Cateme, amene anasamutsidwa chifukwa cha mgodi wa malasha wa Moatize, atatseka njanji mu January 2012. Mukamaliza funso limodzi mudzatenga lina.

2. Lembani mayina onse a malowo, akale ndi atsopano. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu amafufuza "Ulónguè" m'nyuzipepala za nthawi ya Apwitikizi osapeza kanthu, n'kunena kuti kwathu sikunkalembedwa. Kunkalembedwa, koma dzina lake linali Vila Coutinho. Damu lija ankalemba kuti Cabora Bassa. Mlatho umene timautcha Samora Machel unali ndi dzina la Marcelo Caetano. Maputo anali Lourenço Marques. Mayina a midzi ndi a mafumu Apwitikizi ankawalemba mmene makutu awo amvera, kotero patsamba loyamba la kope lanu lembani dzina lililonse m'kalembedwe kawiri kapena katatu.

3. Dziwani nyuzipepala zoti muzifune. Nkhani zambiri za ku Tete zinasindikizidwa kutali ndi Tete. Notícias ya ku Maputo inayamba mu 1926. Diário de Moçambique ya ku Beira inayamba mu 1950 m'manja mwa mpingo wa Katolika, inaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dzinalo n'kudzabwereranso mu 1981; pa zaka zapakatizo funani Notícias da Beira. Magazini ya Tempo inayamba mu 1970, Domingo mu 1981, Savana mu 1994. Za malire a maboma, malo ndi maudindo zili mu Boletim Oficial, imene ufulu utabwera inakhala Boletim da República. Za nkhondo ya ufulu, imene inakula m'chigawo chino kuyambira 1968, onaninso zimene Frelimo inkasindikiza yokha, A Voz da Revolução ndi Mozambique Revolution. Musaiwale tsidya la malire: Daily Times, Malawi News, Boma Lathu, Odini ndi Moni. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, ambiri a iwo ochokera kuno, ndipo moyo wawo wa ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza unkalembedwa kumeneko.

4. Onani zimene ena anajambula kale. Musawononge ndalama ya chapa pa chinthu chimene chili pa intaneti. Tsamba la Mozambique History Net lili ndi nkhani zambiri zodulidwa m'nyuzipepala, zosanjidwa potsata mitu. Masamba a Memórias de África e do Oriente ndi Casa Comum ali ndi zolemba za nthawi ya atsamunda ndi ya nkhondo ya ufulu. Nkhani imene inali pa intaneti koma inafufutika iyeseni pa Wayback Machine, tsamba limene limasunga masamba akale a pa intaneti. Chilichonse mwapeza, lembani m'kope dzina la nyuzipepala, deti ndi nambala ya tsamba.

## Kufunafuna khomo ndi khomo

5. Pitani kwa anthu amene ankasunga mapepala. Gawo ili ndi limene lili ndi phindu lalikulu, ndipo silifuna liwiro. Yambani ndi aphunzitsi opuma, akatekisiti, anamwino akale, amene ankagwira ntchito ku njanji ndi ku migodi ya Moatize, amene anali alembi a bairro, ndi amasiye a anthu oterewa. Kawirikawiri mwamuna akamwalira, mayi sataya sutikesi yake, amangoikankhira kunsi kwa bedi. Funsaninso ku maparishi ndi ku mamishoni akale monga Boroma ndi Lifidzi, ku nyumba zowerengera mabuku za masukulu, ndi ku mawailesi a m'madera, chifukwa owulutsa mawu ankawerenga nkhani kuchokera m'nyuzipepala ndipo ena ankaziunjika pakona.

Musapite nokha kwa munthu amene sakudziwani. Dzerani kwa anyakwawa kapena kwa mlembi wa bairro, kapena mutengane ndi mdzukulu wa pakhomopo. Anthu amene anaona nkhondo ziwiri amadziwa kuti pepala likhoza kumangitsa munthu, ndipo mlendo wofunsa za mapepala samulandira msanga. Mukakhala pansi, moni utatha, musayambe ndi kupempha. Nenani chimene mukufuna kudziwa, muwasiye afotokoze. Kenaka ndiye munene kuti, "Agogo, ngati bambo anasiya nyuzipepala, ine sinditenga ngakhale tsamba limodzi. Ndingojambula pompano inu mukuona, ndikubwezerani." Lonjezo limenelo lisungeni ndithu.

Musanyoze malo achilendo. Nyuzipepala amayala pansi pa sutikesi, amakutira makope a sukulu, amamata kukhoma, amaika kuseri kwa chithunzi cha ukwati m'felemu. Atelala ankadulirapo mapatani a zovala. Kumsika wa Kwachena ndi misika ina muziponya diso pa mapepala okulungira malonda, ndipo mukaona mulu wakale mufunse kumene unachokera, chifukwa kumeneko kungakhale kwatsala wina.

Chenjezo: musatchule za kugula pa ulendo woyamba. Mbiri ikamveka kuti kwabwera ogula nyuzipepala, anthu amayamba kugawa mulu umodzi pang'onopang'ono kuti agulitse kambirimbiri, ndipo dongosolo la madeti limasokonekera. Kamphatso ka shuga kapena sopo ndi ulemu wokwanira.

6. Lembani za mwini wake musanakhudze tsamba. Ndani ankasunga, ankagwira ntchito yanji, anazipeza bwanji, n'chifukwa chiyani anasunga izi osati zina. Funsaninso ngati akulola kuti zithunzi zionetsedwe kwa anthu, ndiponso ngati akufuna kuti dzina lawo litchulidwe kapena ayi. Lembani yankho lawo m'kope pomwepo.

## Kupulumutsa pepala

7. Tsegulirani panja, pamthunzi, mphepo kulibe. Valani chotchinga pamphuno. Sambani m'manja ndi sopo, mupukute mpaka muume, musadzole mafuta. Mukaona njira za dothi za chiswe, ndowe za makoswe kapena mphemvu, mulu umenewo muupatule ndipo musaulowetse m'nyumba momwe muli mapepala ena. Sasani fumbi ndi burashi kuchokera pakati kupita m'mbali, mosapanikiza. Mankhwala opopera tizilombo asakhudze pepala.

8. Futukulani pang'onopang'ono. Pepala la nyuzipepala ndi lotsika mtengo, lopangidwa kuti likhale tsiku limodzi. Lili ndi asidi amene amalidya lokha, ndipo kutentha kumafulumizitsa kudyekako. N'chifukwa chake nyuzipepala ya ku Tete, kumene mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, imafiira n'kumathetheka ngati tsamba la fodya louma, pamene ya ku Angónia ndi Tsangano vuto lake limakhala chinyontho ndi chuku. Lowetsani pepala loyera kunsi kwa tsamba, munyamule ndi pepalalo osati ndi zala. Likakana kutambasuka musalikakamize. Lisiyeni usiku wonse m'chipinda chozizira, mulijambule m'mamawa dzuwa lisanakwere, nthawi imene pepala limakhala lofewako. Mapini ndi mawaya ochita dzimbiri achotseni powongola miyendo yake kaye. Masamba amene anamatana okhaokha asiyeni choncho, mujambule zimene zikuoneka.

Lonyowa liyaleni limodzilimodzi pa mapepala oyera, pamthunzi podutsa kamphepo, muzisintha mapepala apansiwo akanyowa. Padzuwa ayi, pamoto ayi, simbi ayi.

Tsamba long'ambika musalimate. Pano ndilankhule za ine mwini. Amalume anga, mphunzitsi wa ku Angónia, anabwera kuchokera kothawa nkhondo ndi thiranki ya chitsulo, m'kati mwake muli magazini a Tempo amene anawateteza zaka zonsezo ngati ana. Ndili mnyamata ndinaona tsamba limodzi lang'ambika pakati pa chithunzi cha anthu ali pamzere wolandira chimanga, ndipo ndinalimata ndi selotepi ndikuyesa ndikuwathandiza. Iwo anangoti, "Wachita bwino, mphwanga." Patapita zaka ndinatsegulanso thirankiyo. Selotepi inali itauma n'kugwa yokha, koma inasiya mzere wofiira wamafuta umene unadutsa pankhope za anthu atatu, ndipo mawu a pansi pa chithunzi, amene ankatchula dzina la mudzi, anachoka limodzi ndi selotepiyo. Mpaka lero ndimaliyang'ana tsambalo mtima ukuwawa. Zidutswa zong'ambika ziyandikizeni pa nsalu, mujambule, kenaka muzisunge pamodzi m'pepala loyera lopinda pakati.

## Kujambula

9. Konzani malo amodzi osasinthasintha. Ikani tebulo pafupi ndi khomo kapena zenera, pamene pali kuwala koma dzuwa silikuomba mwachindunji. Yalani nsalu yakuda. Imathandiza kuti zilembo za kuseri kwa tsamba zisaonekere. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, yosapendekeka. Njira yosavuta ndi kuigoneka pa thabwa lotanthalika pa mipando iwiri, diso la kamera likusuzumira m'mphepete. Zimitsani fulashi ya kamera, pukutani diso lake, ndipo musakokere chithunzi pafupi ndi zala, sendezani foniyo. Ikani rula pambali.

10. Tsatani dongosolo ili pa nyuzipepala iliyonse. Choyamba tsamba lakutsogolo lonse, dzina ndi deti zikuoneka. Kenaka tsamba lililonse lathunthu, m'mphepete monse mukuoneka, chifukwa deti ndi nambala ya tsamba zimakhala pamwamba. Kenaka theka lam'mwamba ndi theka lam'munsi mwapafupi, zithunzi ziwirizo zikulowana pang'ono pakati kuti mzere usasowe. Mukajambula masamba atatu oyamba imani, mukulitse chithunzi, muone ngati tizilembo tating'ono kwambiri tikuwerengeka. Ngati sitikuwerengeka konzani pompo, musadzazindikire muli kunyumba mutajambula masamba 200.

Jambulani zonse, osati nkhani imene mukuifuna yokha. Zidziwitso za maliro, zotsatira za mayeso, mitengo ya katundu, nthawi za sitima, malonda a masitolo, mpira wa m'chigawo, makalata a owerenga: mbiri ya mzinda imabisala m'menemo kuposa m'zolankhula za akuluakulu. Nkhani ikati ikupitirira patsamba lina, litsateni nthawi yomweyo.

Mukapeza kachidutswa kodulidwa kale kopanda deti, jambulani mbali zonse ziwiri. Kuseri kumakhala chothandiza: mtengo wolembedwa mu escudo ukusonyeza kuti ndi isanafike June 1980, pamene metical inayamba, mtengo wa mametical mamiliyoni pa chinthu wamba ukusonyeza kuti ndi isanafike July 2006, pamene anachotsa maziro atatu. Deti lotere lembani kuti ndi longoyerekeza.

## Kaundula

11. Patsani zithunzi mayina tsiku lomwelo. Yambani ndi chaka, mwezi, tsiku, kenaka dzina la nyuzipepala ndi tsamba, motere: 1992-10-05_Noticias_p01. Mukatero kompyuta imazisanja yokha potsata nthawi. M'kope, kapena pa Excel ngati muli nayo, mzere uliwonse ukhale ndi deti, nyuzipepala, tsamba, mutu wa nkhani monga unalembedwera, malo ndi anthu otchulidwa, mwini wa pepala, ndi chidule cha mizere iwiri m'Chichewa. Chidulechi n'chofunika, chifukwa amene adzafune nkhanizi si onse amawerenga Chipwitikizi. Google Lens ikhoza kukuthandizani kukopera mawu a patsamba, koma imaphonya mayina athu kwambiri, choncho dzina lililonse liyerekezeni ndi chithunzi.

Siyani tsamba lapadera la zimene zikusowa. Mukakhala ndi nyuzipepala ya pa 3 ndi ya pa 6, lembani kuti ya pa 4 ndi ya pa 5 palibe. Mndandanda umenewu ndi umene mudzanyamule pa ulendo.

12. Tsekani mipata ku malo osungira zakale. Ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique, imene inakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili pansi pa Universidade Eduardo Mondlane, komanso Biblioteca Nacional. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, ndipo kwa ife a m'malire kumeneko n'kufupi kuposa ku Maputo. Musananyamuke pezani credencial, kalata yokudziwitsani yochokera kusukulu, kumpingo kapena ku bungwe lanu, ndipo mufunsiretu masiku otsegula ndi malamulo ojambulira. Pitani ndi madeti enieni. Wofika n'kunena kuti akufuna "za Tete" amatha sabata osapeza kanthu, pamene wofika ndi madeti khumi amamaliza masiku awiri. Ngati ulendo wakukanikani, tumani wophunzira wa kwanu amene ali kumeneko, mumupatse mndandanda ndi dongosolo la kajambulidwe. Mukapeza mulu waukulu umene uli pangozi, dziwani kuti British Library ili ndi Endangered Archives Programme, imene imapereka thandizo la ndalama pa ntchito zojambula zakale zotere.

13. Bwererani kwa akuluakulu ndi zimene mwapeza. Nyuzipepala si buku loyera. Nthawi ya Apwitikizi nkhani zinkadutsa kaye m'manja mwa boma, ndipo ufulu utabwera zinkatsata chipani chimodzi mpaka malamulo anasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Asilikali a Apwitikizi atapha anthu ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, pa 16 December 1972, dziko linamva nkhaniyo kudzera mu The Times ya ku London pa 10 July 1973, m'cholemba cha bambo Adrian Hastings, potsata umboni umene ansembe a mishoni anasonkhanitsa. Choncho nyuzipepala ikakhala chete sindiye kuti kunalibe kanthu. Werengerani akuluakulu nkhaniyo, muimasulire m'Chichewa kapena m'Chinyungwe, mufunse kuti, "Amayi, mmene alembera apa ndi mmene zinalili?" Yankho lawo lilembeni padera, ndi deti limene mwacheza nawo. Musalisakanize ndi mawu a nyuzipepala.

14. Sungani malo atatu, mubweze za eni. Zithunzi zikhale pa kompyuta kapena fulashi yanu, pa fulashi ina imene ili m'nyumba ina, ndi pa intaneti monga pa Google Drive. Nyumba yachiwiriyo isakhale m'dera lomwelo la madzi. Tinaona mmene mtsinje wa Revúboè unasefukira mu January 2022, pamene unagwetsa ndi mlatho womwe. Kamodzi pachaka tsegulani mafulashiwo muone ngati akugwira. Mapepala enieni agonekeni chotambasula m'katoni, pepala loyera pakati, katoniyo pa shelefu yotalikira pansi ndi kukhoma, kutali ndi denga la malata ndi khitchini. Pobwereranso kwa mwini wake mutengereni katoni yoteroyo, ndi tsamba limodzi losindikiza la nkhani imene anaikonda.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudula nkhani ndi sizasi. Mwataya deti, tsamba ndi zonse za kuseri.

Kukutira ndi pulasitiki yotentha ku papelaria. Kumaoneka kwaukhondo, koma kutentha ndi guluu zimalowa m'pepala ndipo sizichokanso. Ngati mukufuna chopachika kukhoma, sindikizani chithunzi, mukutire chimenecho.

Kumanga m'jumbo. Imatsekera chinyontho, chuku n'kumera m'kati.

Kutumizirana pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. Amachichepetsa, tizilembo timafufutika. Tumizani ngati documento, ndipo choyambirira musachifufute.

Kukongoletsa chithunzi. Musayeretse kapena kudula choyambirira. Konzani chokopera.

Kuponya zonse pa Facebook. Nyuzipepala zina eni ake alipo ndipo ali ndi umwini pa zolemba zawo, choncho pemphani chilolezo musanafalitse masamba athunthu. Komanso m'masamba a nthawi ya nkhondo muli mayina a anthu amene ankanenezedwa zinthu zoopsa, ana awo tikukhala nawo m'mabairro momwemuno. Nkhani yotere isungeni m'kaundula, koma musanaionetse pagulu kambiranani kaye ndi banjalo.

Kusiya zonse m'manja mwa munthu mmodzi. Foni imabedwa, munthu amasamukira ku Beira. Anthu awiri adziwe mawu achinsinsi otsegulira, ndipo kaundula wosindikiza mmodzi akhale ku parishi, kusukulu kapena ku nyumba yowerengera mabuku imene mwagwirizana nayo, atalembedwa pachikuto deti limene munamaliza kuwonjezeramo.